MUNDA WA KU ANATOTI

Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko lathu, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka logwera dziko lonse, popeza mwa mahekitala oposa 2 miliyoni a cimanga cimene anthu anabzala, pafupifupi theka linali litapserera ndi dzuwa. Ife a kuno kwa Kalindawalo sitinayembekeze wailesi kuti itiuze zimenezi. Kuyambira ku Petauke kufikira ku Nyimba munthu woyenda pa mseu waukulu ankaona cimanga citaima cofota m'minda, cina citamasula ngaiyaye cisanafike ndi m'ciuno momwe. Masabata owerengeka m'mbuyo mwace kolera inali itapha anthu mazana ambiri ku Lusaka, kotero kuti odwala anagonekedwa m'bwalo la mpira la Heroes, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nayamba kuzima usana ndi usiku. Tsono sikunali kodabwitsa kuti pa misika ndi pokwerera mabasi panabuka alaliki, Buku liri m'manja, akupfuula kuti zizindikiro zonse zakwanira ndipo dziko lafika pa mapeto ace.

Ine ndine kalaliki wa pa boma, ndipo masiku amenewo nchito yanga inali kulemba maina a mabanja oyenera kulandira cimanga ca cithandizo. Tsiku lina mai wina wacikulire anakana kudinda cala cace pa pepala, nati inki ija ndiyo cizindikiro ca cirombo ca m'buku la Cibvumbulutso. Nabwerera kwao cimanjamanja, ali ndi adzukulu atatu pakhomo. Ndinamseka mumtima, ndipo ndicita manyazi kunena tero, cifukwa Loweruka lotsatira nditapita kumudzi ndinapeza nkhani yomweyo iri m'nyumba ya kwathu.

Amalume anga anali atatulutsa mtsuko wa mbeu umene ambuya amaumata ndi dothi caka ndi caka, cimanga ca makolo cosanganiza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, ndipo anafuna kupita naco kucigayo. Ng'ombe zao ziwiri zolimira anali ataziitanira kale wogula. Ndinati, "Amalume, mukagaya mbeuyi, nanga mu Novembala mudzabzala ciani?" Iwo anandiyang'ana mwacifundo nati, "Iwe mwana, wawerenga mabuku ambiri, koma Buku limodzi sunalimvetse. Novembala uti? Nkhondo izo ku Israyeli, miliri iyo, njala iyi. Kodi nyumba ikamapsa munthu asesa pabwalo? Wosunga mbeu caka cino ndiye wosakhulupirira kuti Ambuye ali pakhomo."

Mau awa sindinathe kuwayankha tsiku lija, ndipo owerenga anzanga asafulumire kuwapeputsa. Amalume si munthu waulesi, ndiponso si wopusa. Ndi mkulu wa mpingo amene walima zaka makumi anai osapempha mcere kwa mnzace. Ndipo cimene iwo akhulupirira, kuti Kristu adzabweranso kudzaweruza amoyo ndi akufa, ndico comwe ife tonse tibvomereza poimirira m'chalichi tsiku la Sabata. Pa ici sitisiyana. Posiyana pathu ndi apa: munthu amene akhulupirira kuti dziko lidzatha, naona tsoka lalikulu litamzinga, kodi aonetsa kudalira kwace Mulungu mwa kutula khasu pansi, kapena mwa kuligwiritsa?

Tiyeni tiyambe ndi kukumbuka kuti ife si oyamba kuganiza kuti dziko lathera pa ife. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, pamene Luangwa athira madzi ace, ndipo tsiku lomwelo kunacita kadamsana, mdima nugwa usana. Pambuyo pace anakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga, akutentha midzi ndi kugwira akazi ndi ana. Kwa gogo wa Cinsenga amene anaona dzuwa likuda, naonanso mudzi wace ukupsa, limenelo linali tsiku lotsiriza ndithu, ndani akanamtsutsa? Koma akapolo aja analera ana a owagwira, ndipo lero Angoni a Mpezeni alankhula Cinsenga.

Cikristu citafika, mantha akalewa anapeza cida catsopano, ndico kuwerengera masiku. M'caka ca 1908 Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira ku Livingstonia, anabwerera ku Nyasaland kucokera ku Cape Town ali ndi mabuku a Watch Tower, nalalikira kuti mu Okutobala 1914 maufumu a dziko adzagwa ndipo msonkho udzatha. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Sindiwaweruza anthu amenewo. Munthu wothodwa ndi msonkho wa nyumba, amene ana ace onse anapita ku migodi ya kum'mwera, akamva kuti Mulungu waika tsiku lomasula goli lace, mtima wace uthamangira komweko. Boma linamcotsa Kamwana m'dziko mu 1909, ndipo nkhondo yaikuru itabuka mu Ogasiti 1914 ambiri anati mneneri uja ananena zoona. Koma Okutobala anadza napita. Cimene cinafika m'malo mwa ufumu uja cinali utengatenga, amuna a kuno kwathu nasenza akatundu a asilikari kunka kumalire a kumpoto. Ndipo mu 1918 cimfine cija cinatsiriza ambiri amene nkhondo inawasiya. Anthu anaika maliro, mvula itagwa nabzala.

Coopsa cinacitika kufupi kwathu kuno, kutsidya kwa Luangwa. M'caka ca 1925, cimene enanso anacichula kuti ndico cotsiriza, Tomo Nyirenda, nayenso wophunzira wa ku Livingstonia, analowa pakati pa Alala a ku Mkushi, nadzicha Mwana Lesa. Anati midzi iyenera kuyeretsedwa tsiku lisanafike, ndipo pobatiza anthu mumtsinje iye adzazindikira mfiti. Ozindikiridwawo anawamiza m'madzi kufikira atafa, mfumu Shaiwila iri kumthandiza. Ataolokera ku Congo anapha anthu oposa 150, ndipo mu 1926 iye ndi Shaiwila anapacikidwa ku Broken Hill, kumene lero tikuchula Kabwe. Kumiza anthu kumeneku sikunalembedwe m'mabuku amene iye ananyamula. Kunabadwa m'mutu mwace. Koma taonani m'mene cinthu cimodzi cibalira cinzace. Munthu akatsimikiza kuti mawa kulibe, malamulo onse amene asunga mudzi amuonekera acabe, pakuti malamulo anaikidwa cifukwa ca mawa. Gogo wokalamba sakhalanso gogo, asanduka copinga ca ufumu.

Kutali kum'mwera, pakati pa Axhosa, mtsikana wina dzina lace Nongqawuse ananenera mu 1856 kuti anthu akapha ng'ombe zao zonse ndi kuleka kubzala, akufa adzauka ndi ng'ombe zatsopano, nkhokwe nizidzala zokha. Tsiku loikidwalo, mu Febuluwale 1857, dzuwa linatuluka ndi kulowa monga mwa masiku onse. Ng'ombe mazanamazana a zikwi zinali zitaphedwa, ndipo anthu zikwi makumi angapo anafa ndi njala. Ndipo wina asati izi nzakale za anthu osaphunzira, pakuti mu 2023 m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu a mpingo umodzi, amene anauzidwa kuti asale cakudya kufikira akakomane ndi Yesu.

Wina adzati, "Amenewo analakwa kuwerenga, mlaliki wa lero wawerenga bwino." Koma cimene Buku linena ncakuti kuwerengerako ndiko kulakwa. Pa Mateyu 24, mutu umene amalume auloweza pamtima, Ambuye achuladi nkhondo, njala ndi zibvomezi. Koma azichula pocenjeza ophunzira ace kuti asatekeseke nazo, pakuti ziri ngati zowawa zoyamba za mkazi wapakati, ndipo cimariziro sicinafike. M'mutu womwewo anena kuti tsikulo salidziwa munthu ali yense, ngakhale angelo, koma Atate okha. Ndipo pali kanthu kamene ndinakhala zaka zambiri ndisanakaone. Pofotokoza za tsiku lomwelo, Ambuye aonetsa amuna awiri ali m'munda ndi akazi awiri ali pamphero. Amene atengedwa sapezeka atakhala paphiri akuyang'ana kumwamba. Apezeka pa nchito, pafupi ndi mnzace, khasu liri m'manja. Akristu a ku Tesalonika atayamba kuleka nchito poganiza kuti tsiku lafika, Paulo anawadzudzula kolimba m'kalata yace yaciwiri, nawakumbutsa kuti iye mwini anagwira nchito usiku ndi usana pakati pao kuti asadye za wina.

Za cizindikiro ca cirombo ndinganene pang'ono cabe. Buku la Cibvumbulutso linalembedwa pa cisumbu ca Patmo kwa mipingo isanu ndi iwiri imene inali pansi pa ufumu wa Roma, ndipo ophunzira Buku ambiri aona kuti dzina la Nero Kaisara, amene anazunza Akristu m'caka ca 64, likalembedwa m'zilembo za Cihebri lipanga 666. Cizindikiro cija ndi ca munthu wolambira mfumu m'malo mwa Mulungu. Inki ya pa tebulo langa sifunsa munthu kulambira kanthu.

Koma nkhani imene inandimasula ine iri m'buku la Yeremiya, ndipo ndipempha owerenga akhale nane pamenepa. Yeremiya sanali munthu wonyengerera. Ndiye amene ananena zaka zambiri kuti Yerusalemu adzagwa m'manja a Ababulo, ndipo anamenyedwa ndi kutsekeredwa cifukwa ca mau amenewo. Tsono pa mutu 32 timpeza ali m'ndende m'bwalo la alonda, ankhondo a Nebukadinezara atazinga mudzi, njala iri kuyamba kuluma. Pamenepo afika Hanameli, mwana wa mbale wa atate wace, kudzamgulitsa munda wa ku Anatoti, mudzi wa kwao. Taganizani: munda umenewo unali kunja kwa linga, m'dziko limene adani anali kuliponda. Wocenjera ali yense akanaseka. Koma Yeremiya anagula. Anayesa masekeli a siliva 17 pa muyeso, nalemba kalata ya malonda, naitana mboni, nakomera cizindikiro. Ndipo ine kalaliki ndikondwa kuona kuti mneneri wa Mulungu sananyoze mapepala. Anapereka makalatawo kwa mlembi wace Baruki, namuuza awaike mumtsuko wadothi kuti akhalitse masiku ambiri, popeza m'dziko limenelo anthu adzagulanso nyumba ndi minda.

Munthu amene anadziwa koposa onse kuti tsoka lafikadi ndiye amene anasunga kanthu mumtsuko. Ndipo sanacite ici mosabvutika mtima. M'mutu womwewo apemphera ngati munthu wozizwa, kufunsa Mulungu cifukwa cace amgulitsa munda pamene mudzi uli kuperekedwa. Yerusalemu anagwadi, Kacisi natenthedwa. Yeremiya mwini anatengedwa kunka ku Aigupto mosafuna, kutali ndi Anatoti. Siliva wace anagula munda wa adzukulu a anthu ena.

Panalinso mneneri wina masiku omwewo, Hananiya, amene anali ndi tsiku lowerengeka. Iye anati zaka ziwiri zisanathe goli la Babulo lidzathyoka ndipo otengedwa ndende adzabwera. Mau okoma, ndipo anthu anawakonda. Yeremiya analembera andende aja kalata yowawa kumva: ukapolo udzakhala zaka 70, cifukwa cace amange nyumba, alime minda, akwatitse ana ao, napempherere mtendere wa mudzi wa adani ao. Apa mpamene ndiona kusiyana kwa aneneri awiriwa. Wonamayo anauza anthu kuti angoyembekeza pang'ono osacita kanthu. Woonayo anawapatsa nchito. Momwemonso pa Macitidwe 11, mneneri Agabo atanenera za njala yaikuru, Akristu a ku Antiokeya sanakwere paphiri. Anasonkha cithandizo, yense monga anakhoza, natumiza kwa abale a ku Yudeya. Motero ine ndikamva mlaliki pa msika sindiyamba ndi kufunsa ngati masamu ace ali olungama. Ndiyang'ana cimene omvera ace acita akafika kwao: kodi adyetsa ana amasiye, kapena agulitsa ng'ombe?

Kalata ya Yeremiya ija taiona ndi maso athu kuno. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, anthu othawa anaikidwa ku Ukwimi, kumpoto kwa Petauke, kuyambira caka ca 1987. Anasiya manda a makolo ao ndi midzi yopsa, osadziwa ngati adzabwerera. Anapatsidwa malo, nagwetsa chire, nalima cimanga ndi mtedza m'dziko la eni. Ndipo mtendere utasainidwa mu 1992 anayamba kubwerera kwao ali ndi ana obadwira kuno.

Koma ndisanamize owerenga. Pali cotsutsa cimodzi colemera, ndipo amalume acidziwa. Munthu angathe kubzala mokhulupirika, mvula nikana ndithu. Angathe kupemphera, mwana namwalira. Kudalira Mulungu si malonda akuti ine ndibzale, Iye andilipire mu Epulo. Mneneri Habakuku anaimba za caka cimene mkuyu sunaphuke, minda sinabale, ndi m'khola munalibe ng'ombe, ndipo anakondwera mwa Mulungu nkhokwe iri gwaa. Sanalonjezedwe kuti caka camawa cidzakhala cabwino. Ndipo ndiganiza kuti cimene cikopa anthu kwa owerengera masiku ndi ici comwe, kuti kusadziwa kuwawa koposa njala. Kunena kuti zonse zitha mu Okutobala kupepuza mtima, pakuti munthu sasenzanso katundu wa caka camawa. Amalume anali atatopa. Analima, anathira feteleza wa ngongole, ndipo dzuwa linadya zonse. Kuyembekeza kutha kwa dziko kunali kopepuka kwa iwo koposa kuyambanso.

Amene anathetsa mlandu tsiku lija sindine. Ambuya, amai ao a amalume, anali cikhalire pamphasa osanena kanthu. Iwo anali mtsikana wa zaka khumi m'caka ca 1949, pamene mvula inakana kuno ndi ku Nyasaland komwe. Anatiuza kuti caka cimeneco anadya mpama wa m'thengo, woyamba kuubviika m'madzi masiku angapo kuti ululu ucoke, ndipo mng'ono wao wamng'ono anatupa miyendo namwalira. Nthawi yonseyo ngala za mapira a mbeu zinali lende kudenga, pamwamba pa moto, ana akuziona. "Ndinawada amai anga caka cimeneco," anatero. "Nditakula ndinawafunsa. Anati, mapira aja akanatidyetsa masiku atatu, mwana akanamwalirabe, ndipo inu otsala mukanamtsata caka cinaco." Atatero anatembenukira kwa mwana wao, munthu wa imvi, nati, "Iwe, Ambuye akabwera mawa, mbeuyi siidzawatsekereza njira. Akacedwa, adzukulu anga adzadya ciani? Bwezera mtsuko wanga." Anaukokera m'nyumba yao, nagona pambali pace miyezi isanu ndi itatu.

Ng'ombe imodzi inagulitsidwa ndithu, pa mtengo wa njala, ndipo ndalama zace zinagula ufa. Mai wa cala uja nyakwawa ya mudzi wao inabwera naye sabata linalo, nimcitira umboni, nalandira thumba lace, sindinamsekenso.

Caka cotsatira mvula inagwa bwino, ndipo dziko limene mu 2024 linakolola matani a cimanga 1.5 miliyoni, mu 2025 linakolola oposa 3.5 miliyoni. Sindichula ici monga umboni wakuti ambuya anapambana, pakuti mvula ikanakananso iwo akanakhala olungamabe, monga Yeremiya anali wolungama ali ku Aigupto. Amalume sanasinthe ciphunzitso cao. Madzulo awerengabe Danieli ndi Cibvumbulutso pa nyali, ndipo nkhondo yatsopano iri yonse aiika pa mzere wace. Koma mvula yoyamba itagwa kumapeto kwa 2024 ndinawapeza mbandakuca atamanga ng'ombe yao yotsalayo m'goli limodzi ndi ya mnansi wao. Ine ndinagwira cingwe kutsogolo, popeza manja a kalaliki sadziwa pulawo, ndipo ambuya anatsata pambuyo ndi kambale, akuponya njere zitatu zitatu mumzere, phulusa likuyera m'manja mwao.